Mayi wabereka khanda pachifuwa, nanga iye akumubereka ndani?

Mng'ono wanga anachira mu June, mimba ili ndi masabata 31 okha. Kunali chiperoni cha masiku anayi, chija chimatsika n'kuphimba minda ya tiyi mpaka munthu osaona mnzake amene akuyenda patsogolo pake. Zochapa sizinkauma, manja ali gwa ndi chisanu, ndipo ife tinali tisanagule ngakhale beseni, poti tinkawerengera kumapeto kwa August. Mwana anabadwa wamoyo, wamwamuna, wolemera makilogalamu 1.4. Phazi lake linali lofanana ndi chala changa chachikulu cha kudzanja. Ine ndinakhala gadiyani masabata 5, ndipo zimene ndikulemba pano zinayambira pa kakapu kamodzi.

Khanda lotere silingathe kuyamwa. Kuyamwa, kumeza ndi kupuma pa nthawi imodzi ndi luso limene ubongo umayamba kuligwira cha m'masabata 32 mpaka 34, choncho mayi amafinyira mkaka m'kakapu, mwana n'kumamwetsedwa kudzera m'kapaipi kapena pakakapu komweko, maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku. Masiku oyamba mng'ono wanga ankafinya bwinobwino. Tsiku lachisanu kunabwera achibale a kuchimuna kudzazonda. Mayi wina wamkulu anasuzumira mwanayo, n'kupukusa mutu, n'kunena anthu onse akumva kuti, "Aka n'kamwana aka? Uyu ndi mtayo wochedwa. Inu amake mwana, munkachita chiyani muli ndi pakati?" Madzulo amenewo mng'ono wanga anafinya mpaka bere kufiira, koma m'kakapu munangogwera madontho. Anayamba kulira, akuti mkaka wauma, mwana afa ndi njala.

Namwino wina wachikulire amene anali pa ntchito usiku umenewo sanatulutse mankhwala alionse. Anandiuza kuti, "Achemwali, mkaka ulipo, wangobisala. M'funditseni bulangeti, mum'patse phala lotentha, mumusisite kumsana, ndipo mawa anthu aja asalowenso." Kenako anatenga mwana, atavala thewera ndi kachipewa basi, n'kumuika pakati pa mabere a mayi ake, n'kumanga chitenje. Ola lisanathe, mkaka unayamba kudontha wokha.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa azachipatala ndi kuwerenga zimene ndingapeze, ndipo ndatsimikiza kuti namwino uja ankachiza, ngakhale kuti m'manja mwake munalibe jakisoni. Mawu a mayi wamkulu uja analowa m'khutu, n'kufika mu ubongo, ubongo n'kuuza minyewa kuti kunja kwaopsa, thupi n'kutulutsa adrenaline, homoni ija imatithamangitsa mtima tikakumana ndi njoka panjira. Kuti mkaka utuluke pamafunika homoni ina, oxytocin, yochokera kunsi kwa ubongo, imene imakafinya timinofu tozungulira timatumba ta mkaka m'bere. Mantha, ululu ndi manyazi zimaitsekereza. Mkaka umakhalamo, koma khomo lili chitsekere. Ndipo kwa khanda losakwana masiku mkaka umenewo ndi chakudya, ndi chitetezonso. Mawu a mlendo wobwera kudzazonda anayenda ulendo wonsewo mpaka kukafika m'matumbo a mwana wa makilogalamu 1.4.

N'chifukwa chake ndikunena kuti mtendere wa mumtima wa mayi wa khanda losakwana masiku tiziuwerengera m'gulu la mankhwala, pamodzi ndi jakisoni ndi mpweya wa m'makina. Amene akuusokoneza, kaya ndi wachibale, kaya bwana wa kuntchito, kaya kamangidwe ka chipatala, adziwe kuti wagwira thupi la mwanayo.

Tiyambe ndi zimene khandali lasiya m'mimba. Mwana amatchedwa wosakwana masiku akabadwa masabata 37 asanakwane. Miyezi itatu yomaliza, imene ambiri timangoiona ngati yonenepetsa mwana, ndiyo imene mayi amasamutsira asilikali a m'thupi mwake kupita kwa mwana kudzera mu nsengwa, ndipo ochuluka amawoloka m'masabata omalizira enieniwo. Wobadwa pa masabata 31 wanyamuka ulendo kamba asanamangidwe. Mapapo ake sanapange mokwanira timadzi toterera totchedwa surfactant, timene timaletsa timatumba ta mpweya kumatana mwana akapumira kunja. Khungu ndi lopyapyala, mafuta otenthetsa thupi ndi ochepa, matumbo ndi anthete. Ubongo ndiye uli pakatikati pa ntchito: ngakhale pa masabata 34 umakhala utangofika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kumene ukanakhala nako pa masabata 40. Chotsalacho chiyenera kumangidwa kunja, m'chipinda cha magetsi owala, makina olira, zitseko zomenyetsedwa ndi singano zobaya kachidendene.

Kale madokotala ambiri ankakhulupirira kuti makanda otere samva ululu kwenikweni, moti mpaka m'zaka za m'ma 1980 ena ankachitidwa opaleshoni popanda mankhwala okwanira oletsa ululu. Mu 1987 dokotala Kanwaljeet Anand ndi anzake anaonetsa kuti khanda losakwana masiku likachitidwa opaleshoni mwa njira imeneyo, mahomoni a mantha amakwera kwambiri m'magazi mwake, ndipo limakumana ndi zovuta zochuluka pambuyo pake. Khanda silinena, nthawi zina ngakhale mphamvu yolirira lilibe, koma thupi lake limamva zonse. Kuzizira, ululu, phokoso ndi kusiyidwa lokha zimadzutsa cortisol, homoni imene imauza thupi kuti liyambe lasiya kumanga, lisunge mphamvu zolimbana ndi ngozi. Ikakwera kanthawi kochepa imathandiza. Ikamadzutsidwa tsiku ndi tsiku, mphamvu imene ikanakulitsa ubongo ndi kunenepetsa mwana imathera kumeneko, chitetezo cha m'thupi chimafooka, tulo timasokonekera. Pomwe ndi m'tulo mmene minyewa ya mu ubongo wa khanda imalukanalukana.

Za kuzizira tisazione mopepuka, makamaka ife a ku Thyolo ndi ku Mulanje. Thupi la khanda liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Likazizira limawotcha shuga ndi mpweya wambiri pofuna kudzitenthetsa, shuga n'kutsika, kupuma n'kuvuta. Usiku wa July ku Bvumbwe kapena m'munsi mwa phiri ku Likhubula, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, mabulangeti atatu sangatenthetse mwana amene thupi lake silikupanga kutentha kokwanira. Bulangeti limasunga kutentha kumene kulipo kale, pamene chifuwa cha munthu chimachita kupereka.

Njira ya kangaru, yomanga khanda pachifuwa khungu likukhudzana ndi khungu, yagona pamenepa. Inayamba mu 1978 ku Bogotá, m'dziko la Colombia, dokotala Edgar Rey ataona kuti makina otenthetsera ana ndi ochepa, ana akugonekedwa angapo m'makina amodzi n'kumapatsirana matenda. Kuno kwathu inakhazikika koyamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Poti inabadwira m'kusowa, anthu ambiri, ngakhale opita kusukulu, amaiona ngati thandizo la amphawi, longochitira kusowa makina. Akulakwitsa, ndipo umboni wina wowatsutsa unachokera pafupi pomwepa, pa Gulupu ku Blantyre. Chipatala chimenechi chinali chimodzi mwa zipatala 5, pamodzi ndi za ku Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania, zimene zinachita kafukufuku wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO pa makanda opitirira 3,000 olemera kuyambira kilogalamu 1 mpaka pafupifupi 1.8. Ena anaikidwa pachifuwa atangobadwa, ngakhale ali pa mpweya ndi diripi. Ena anayamba asungidwa m'makina mpaka atakhazikika, monga mwa chizolowezi. Zotsatira zinatuluka mu 2021: mwa oikidwa pachifuwa msanga, 12 pa 100 alionse anamwalira m'masiku 28 oyamba, pamene mwa enawo anali pafupifupi 16 pa 100. Kafukufukuyu anaimitsidwa nthawi yake isanathe chifukwa kusiyanako kunali kutaonekeratu. Magulu onse awiri anali ndi makina ndi mankhwala. Chimene chinasiyana ndi nthawi imene mwana anafikira pachifuwa. Mu November 2022 WHO inasintha malangizo ake: kangaru iziyamba mwana akangobadwa, pokhapokha ngati akulephereratu kupuma yekha kapena ali mwakayakaya, ndipo izichitika maola 8 mpaka 24 pa tsiku.

Pachifuwapo mwana amamva kugunda kwa mtima kumene wakhala akukumva miyezi yonseyi, fungo la mayi ake, ndi mawu awo akunjenjemera m'mafupa. Khungu likakhudzana ndi khungu, minyewa ya pakhungu imatumiza uthenga wakuti kunja kuli bata. Pali mtsempha wina wautali wotchedwa vagus, wochokera mu ubongo kutsikira kumtima, m'mapapo ndi m'matumbo, umene ntchito yake ndi kukhazika thupi pansi. Mwa khanda losakwana masiku umakhala usanakhwime, ndipo kangaru imathandiza kuukhwimitsa. Mtima umagunda mwadongosolo, kupuma kumakhazikika, tulo timatalika, ndipo akabayidwa ali pachifuwa samva kuwawa ngati mmene amamvera akabayidwa ali yekha. Ku Israel, Ruth Feldman ndi anzake anatsatira ana osakwana masiku amene anaikidwa pachifuwa ola limodzi lokha pa tsiku kwa masiku 14, n'kuwayerekeza ndi anzawo amene anangokhala m'makina. Atafika zaka 10, a kangaru aja ankagona bwino, cortisol yawo sinkalumpha kwambiri akapanikizika, ndipo ankachita bwino pa ntchito zofuna kuganiza ndi kudziletsa. Makolo ponena kuti m'mera mpoyamba ankanena za mbewu ndi khalidwe, koma ndi minyewa yomwe zili choncho.

Nkhani ya mkaka ndiyo imandigwira mtima kuposa zonse. Mayi akakhala pafupi ndi mwana wake, akupuma mpweya wa m'chipinda chomwecho, akugwira zimene mwana wagonera, tizilombo ta pamalopo timalowa m'thupi mwake. Thupi lakelo, poti ndi lokhwima, limatizindikira n'kupanga asilikali olimbana nato, ndipo maselo opanga asilikaliwo amasamuka kuchoka m'matumbo ndi m'njira ya mpweya kupita kubere. Ndiye mkaka umene mwana akumwa umakhala ndi chitetezo choyenerana ndi tizilombo ta pamalo pamene wagona, ngati malaya amene telala wachita kumuyeza. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amati ndi woipa n'kuufinyira pansi, ndiwo wodzaza kwambiri ndi asilikali amenewa, ndipo umamata matumbo anthete monga timamatira nkhokwe kuti anankafumbwe asalowe. Pali nthenda yoopsa ya makanda osakwana masiku imene imaoletsa matumbo. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 1990 anapeza kuti inali yochuluka kuwirikiza ka 6 mpaka ka 10 mwa makanda omwa mkaka wa m'chitini wokha poyerekeza ndi omwa wa m'mawere wokha. Choncho mukamugoneka mayi ku wodi ina, kutali ndi nazale, chipinda chogoneka makanda odwala, mwawononga pawiri: mkaka uchepa chifukwa palibe chodzutsa oxytocin, ndipo wochepa umene ulipowo sunakonzedwere tizilombo ta kunazaleko.

Mwana nayenso amachiza mayi ake. Kakhanda kakatsamira pachifuwa, oxytocin imakwera mwa mayi, nkhawa n'kutsika. Ndinaziona ndi maso anga. Mng'ono wanga masiku oyamba ankaopa kumuyang'ana mwanayo, dzina lomwe anakana kumupatsa, akuti n'kupweteketsa mtima chabe. Atamubereka pachifuwa masiku angapo ndinamupeza akumuimbira chapansipansi, akumuuza za agogo ake amene akumudikira kumudzi.

Apa ndiyende mosamala, chifukwa nkhani ngati iyi ikhoza kusanduka chikoti china chokwapulira mayi yemweyo. Wina awerenga n'kukanena kuti, "Mwaonatu, munachira msanga chifukwa choganiza kwambiri," kapena, "Siyani kudandaula, mukudwalitsa mwana." Ayi ndithu. Zochititsa mwana kubadwa msanga ndi zambiri: malungo amene amabisala mu nsengwa, matenda a m'chikhodzodzo ndi a njira ya chiberekero, chindoko, kuthamanga kwa magazi, mapasa, kutenga mimba uli wamng'ono, kubereka pafupipafupi. Ndipo amayi ambiri amachira msanga popanda chifukwa chimene dokotala angachiloze. Zingapo mwa zimenezi zimadzera m'chitetezo cha m'thupi chomwecho. Thupi likamalimbana ndi tizilombo pafupi ndi chiberekero limatulutsa timadzi totupitsa, timene timathanso kufewetsa khomo la chiberekero n'kuliyambitsa kutseguka nthawi isanakwane. N'chifukwa chake Fansidar wa kusikelo, woteteza ku malungo, si wongomwera mwambo, ndipo Malawi ndi dziko loyamba limene linakhazikitsa ndondomeko yopereka mankhwalawa kwa amayi oyembekezera, mu 1993. Lipoti la padziko lonse la mu 2012 linaika dziko lathu pamwamba pa mayiko onse, ndi ana 18 pa 100 alionse obadwa masiku asanakwane. Chiwerengero chotere sichingakhale mlandu wa mayi mmodzimmodzi.

Nkhawa yaikulu ndi yokhalitsa ili nalo gawo lake, zimenezo n'zoona. Nsengwa ili ndi njira yosefera cortisol ya mayi kuti isafike yonse kwa mwana, koma sefayo ili ndi malire. Funso n'lakuti nkhawayo ikuchokera kuti. Mayi amene akumenyedwa ali ndi pakati, amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, amene nyumba ndi munda wake zinapita ndi matope a namondwe wa Freddy mu March 2023 n'kukhala pa kampu ya pasukulu mimba ili apo, sanachite kusankha kuganiza kwambiri. Kumuuza kuti asadandaule n'kutaya mawu, pepani sapoletsa chilonda. Chofunika n'kumuchotsera chimene chikumusowetsa tulocho.

Cortisol yomweyo si mdani ayi. Ndiyo imakhwimitsa mapapo a mwana kumapeto kwa mimba. Graham Liggins wa ku New Zealand anazitulukira poyesa nkhosa, ndipo mu 1972 iye ndi Ross Howie anaonetsa kuti jakisoni wa mankhwala ofanana ndi cortisol, akaperekedwa kwa mayi amene akuoneka kuti achira msanga, amateteza khanda ku vuto la kupuma. Jakisoni wotere, monga dexamethasone, amafuna nthawi kuti agwire ntchito mwana asanabadwe. Mayi amene madzi atuluka kapena msana wayamba kudula miyezi isanakwane asadikire kuti kuche, asadikirenso kuti amalume abwere adzalamule.

Za maganizo a amayi sitikuchita kubwereka kunja. Kuno ku Thyolo komwe, ofufuza motsogozedwa ndi Robert Stewart anafunsa amayi pafupifupi 500 amene anabwera ndi ana awo kusikelo, n'kupeza kuti pafupifupi atatu mwa 10 alionse anali ndi nthenda ya kukhumudwa, ena pang'ono ena kwambiri, komanso kuti ana a amayi ovutika maganizo anali ofupikirapo poyerekeza ndi anzawo a miyezi yofanana. Zimenezi zinasindikizidwa mu 2008 ndi 2010, ndipo anali amayi wamba a kusikelo. Nanga kuli bwanji mayi amene watha mwezi akugona chokhala, akudzuka maola awiri alionse, akuona mnzake wa bedi loyandikana nalo akulongedza kupita kwawo wopanda mwana? Chipatala chimene tinagonekedwa ife sindichitchula, pakuti anamwino ake anagwira ntchito yoposa mphamvu zawo. Koma mwana ankamuyeza kulemera tsiku lililonse, kutentha kangapo pa tsiku, mayi ake n'kufunsidwa za mkaka ndi za kutaya magazi, pamene za mumtima mwake panalibe fomu imene inali ndi mpata wake. Kufunsa kuti, "Amayi, mukugona? Mukudya? Kunyumba mwasiyako bwanji?" sikufuna ndalama zochokera kunja. Kukufuna kuti unduna wa zaumoyo ukulembe pa pepala lomwe lija pamalembedwa kulemera kwa mwana, ndi kuti pakhale munthu womutumizirako mayi amene wayankha ndi misozi.

Ena anena kuti zonsezi n'zabwino, koma chimene chikupha makanda ndi kusowa kwa zipangizo. Akunena zoona, ndipo sindikufuna kuti boma lipezerepo pothawira. Mwana amene mapapo ake akumatana amafunika makina othandiza kupuma a CPAP, ngati aja otsika mtengo otchedwa Pumani, amene yunivesite ya Rice ya ku America inapanga mogwirizana ndi madokotala a pa Gulupu ndi College of Medicine. Mwana amene tizilombo talowa m'magazi amafunika jakisoni, chifuwa chokha sichingamuchize. Magetsi akathima jenereta iyake. Koma bedi lotsamira la mayi, chakudya chokwanira munthu woyamwitsa, bafa ndi chimbudzi zapafupi, malo a gadiyani, nazonso ndi zipangizo. Kafukufuku wa mu 2021 uja anatheka chifukwa zipatala zinakonza nazale kuti mayi akhale ndi bedi lake momwemo, pambali pa makina. Pomanga kapena kukonza nazale m'maboma athu, bedi la mayi lilowe m'bajeti yomweyo ya makina.

Ntchito yaikulu ili kumudzi, pakuti mwana amatulutsidwa akadali wamng'ono, kangaru n'kukapitirira kunyumba mpaka atafika cha m'makilogalamu 2.5 kapena atayamba kuikana yekha. Ine ndikuona kuti makolo anatisiyira chida chimene tikuchitaya, ndicho chikuta. Mayi akachira ankabindikira ndi khanda lake, osapita kumunda, osapita kumadzi, alendo osalowa mwachisawawa, ena akumuphikira ndi kumuchapira, mpaka mchombo utagwa. Zifukwa zimene ankapereka zinali za mdulo ndi za anthu otentha, koma taonani zimene zinkachitika m'thupi: mwana ali wofunda, manja omugwira ndi ochepa, chifuwa ndi chimfine za alendo zatsala panja, mayi akupuma, mkaka ukutuluka. Si zonse za m'chikuta zoyenera kusunga. Utsi wa nkhuni m'nyumba yotseka umapweteka mapapo anthete, zopaka pamchombo ndi mankhwala omwetsa khanda zimalowetsa tizilombo, ndipo mwana amene wasiya kuyamwa, wazizira, watentha thupi kapena akubanika asadikire mwambo uliwonse, athamange naye kuchipatala. Koma maziko a chikuta ndi olondola. Pempho langa kwa anamkungwi, azigogo ndi eni mbumba ndi lakuti chikuta cha khanda losakwana masiku chisathe mchombo ukagwa. Chifike tsiku limene mwanayo akanabadwa.

Ndipo m'chikuta chimenechi bambo alowe. Munthu mmodzi sangamange mwana pachifuwa usana ndi usiku kwa miyezi iwiri osagwa. Chifuwa cha bambo, cha agogo, cha azakhali chimatenthetsa chimodzimodzi. Mlamu wanga poyamba ankakana, akuti anzake a pabawo amuseka, komanso akuluakulu anamuuza kuti mwamuna sagwira khanda la m'chikuta. Usiku wina mng'ono wanga atagwa ndi tulo ali chikhalire, mutu ukugwera pa mwana, ndinati, "Alamu, vulani shatiyo." Anakhala naye kuyambira 10 koloko mpaka tambala woyamba, ine ndikumwetsa pakakapu, mkazi wake n'kugona tulo teniteni koyamba chichirireni. M'mawa kakapu kanadzaza. Kuno chikamwini chimachititsa amuna ena kudziona ngati alendo pa ana awo omwe, n'kumati za mwana adziwa ndi amalume ake. Lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021 n'kupatsa bambo masabata awiri a tchuthi mkazi wake akachira, ndipo kwa bambo wa khanda losakwana masiku amenewo akhale masabata a pachifuwa. Kampeni ya Khanda ndi Mphatso imene inachitika kuno ku Thyolo ndi ku Machinga inayesetsa kusintha mmene timaonera ana otere. Uthenga wake ukufunikabe m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pa misonkhano ya mafumu, chifukwa mawu oti mtayo aja ndinawamva ndi makutu anga, akunenedwa pa mwana amene akupuma.

Kwatsala lamulo. Lamulo lathu la ntchito limapatsa mayi masabata osachepera 8 a tchuthi cha uchembere, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, pamene bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO limati asachepere 14. Olemba ntchito ena amapereka oposa 8, ndipo achita bwino. Koma lamulolo silisiyanitsa mayi amene wachira pa masabata 40 n'kutuluka mawa lake ndi amene wachira pa 31 n'kutha mwezi m'chipatala. Ku Britain, kuyambira mu April 2025, makolo a mwana wogonekedwa kunazale amapatsidwa tchuthi chowonjezera chofika masabata 12. Chuma chathu n'chosiyana ndi chawo, komabe aphungu a ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene amayi ambiri ali pa ntchito yolembedwa m'minda ya tiyi ndi makadamiya, akhoza kupempha chinthu chimodzi chomveka: masabata amene mwana wafulumira nawo awonjezedwe pa tchuthi. Wabadwa kutatsala masabata 9, tchuthi chiwonjezeke ndi masabata 9. Mwini sitolo yaing'ono anena kuti sangalipire miyezi inayi munthu asakugwira ntchito, ndipo n'zomveka. Ndiye poyambira pakhale pakuti ntchitoyo isungidwe, za malipiro a masabata owonjezerawo tikambirane kuti achokere kuti.

Mayi wogulitsa nanazi pa Chitakale, wokaoda katundu ku Limbuli, wothyola m'munda wake wa tiyi kapena wodalira ganyu, lamulo limeneli silimufika n'komwe. Tchuthi chake ndi ife abale, a banki m'khonde, amayi a Mvano ndi a Dorika. Pa maliro timasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama usiku umodzi wokha, wina osachita kutiuza. Dongosolo lomwelo lingathe kutungira madzi, kuphikira ana otsala ndi kulimira munda mayi amene wamanga khanda lamoyo pachifuwa.

Mng'ono wanga ankagwira ntchito mu sitolo ina pa tauni. Masabata ake 8 anatha mu August, kutatsala sabata imodzi kuti lifike tsiku limene azamba analemba m'buku la kusikelo kuti ndilo adzachire. Mwana anali ndi makilogalamu 2.1, akadali pachifuwa usana ndi usiku, atangoyamba kumene kuyamwa yekha. Anamusiya pachifuwa cha agogo ake n'kupita ndi kalata ya kuchipatala kukapempha mwezi umodzi wina, ngakhale wopanda malipiro. Anamuyankha mwaulemu ndithu kuti za lamulo zakwaniritsidwa, Lolemba abwere, apo ayi alemba wina. Anabwerera kunyumba, anamasula mwana kwa agogo n'kumumanga pachifuwa pake, ndipo Lolembalo sanapite. Pa ntchito paja analembapo wina. Mwanayo anafika makilogalamu 2.5 mu sabata yachiwiri ya September.